Kaufiti wa m'munda mwa atate

Ndili giredi seveni ku Msoro, ndinkakonda kaufiti mobisa. Ndi kaudzu kakafupi ka timaluwa tofiira, kamene kamamera patsinde pa chimanga n'kumayamwa mizu yake. Alimi amadana nako. Akandituma ndinkakazula ndithu, koma ndinkayamba ndalemba m'kabuku kanga pamene ndakapeza.

Kumtunda kwa munda wathu, pamchenga, kanali mbwee. Pafupi ndi chulu panalibe. Kudambo kankabisala m'udzu. Titapita panjinga kwa azakhali ku Nsefu, ndinafunafuna m'dothi lakuda la m'mbali mwa Luangwa, n'kupeza tiwiri tokha. Kena ndinakadzala kokhakokha m'chitini, ndinkakathirira m'mawa uliwonse, koma kanafota.

Mu Okutobala, minda ili mbee, atate ndi amalume anakangana pakhonde. Mlangizi anali atanena kuti kaufiti sagwira thonje, ndiye atate ankafuna thonje lipite pamene panali kaufiti, chimanga chipite kwina. Mbewu ya chimanga inali yochepa, yosati n'kuiponya polakwika. Koma kaufitiyo anali pati?

"Kumunsi kuja," anatero amalume.

"Alamu, inu munda uja mumaudziwa nthawi ya mondokwa yokha," anayankha atate.

Amayi, akusenda mtedza, anati, "Funsani mwana wanuyu. Amalemba ndi nyerere zomwe."

Ndinalakalaka nditalowa pansi. Kabukuko sikanamvedwepo ndi munthu. Ndinakatenga, n'kuyamba kuwerenga: tsiku lakuti, kumtunda, kuyambira pachitsa cha mopane mpaka panjira ya njinga. Chifukwa cha mantha sindinaime pomwe ndinayenera kuima. Ndinangomva pakamwa panga pakuwerenganso mzere wotsatira wakuti, "Ndi kokongola kuposa duku la amayi la kutchalitchi."

Amalume anaseka mpaka kutsokomola. Amayi anandigenda ndi khoko la mtedza. "Iwe! Duku langa lija?"

Atate sanaseke kwambiri. Anadzuka, n'kutenga nkhwangwa, n'kutembenukira kwa ine. "Tiye ukandionetse, mama."

Tinayenda munda wonse dzuwa likuswa mtengo, ine patsogolo ndi kabuku, iwo m'mbuyo atanyamula zikhomo. Ndikaima, iwo ankakhoma. Penapake ndinakayika, ndipo anadikira osandifulumizitsa mpaka nditapeza tsamba lake m'kabukumo.

Mvula itagwa, tinadzala chimanga kumunsi ndi kuchulu, thonje kumtunda. Chimanga chija chinakula mpaka kundipitirira, ndipo mondokwa woyamba atate anathyolera ine, amalume akuyang'ana.