Banga la ababa pansi pa mpichesi

Mwaswera bwanji nonse.

Lero ndasintha olyo wa kagalimoto ka malemu ababa, koyamba chitisiyireni. Mtima unali pa amayi. Mukukumbuka mmene ankawakalipira ababa chifukwa cha banga lakuda lija pansi pa mpichesi, pamene ngakhale udzu unakana kumera.

Ndiye ine ndinati zisachitikenso. Ndinayala thumba la adubu, feteleza uja, n'kuwazapo mchenga, n'kutchera chigubu chodula m'mbali. Olyo anatsika mwakachetechete, wakuda bii, mpaka mitambo yochokera ku phiri la Domwe inkaoneka ikuyenda m'chigubumo. Ndinangokhala chogona, kuiyang'ana. Pansi sipanagwe ngakhale dontho.

Ndinaitana amayi kuti adzandiyamikire. Anaima nthawi yaitali osandiyang'ana, maso ali pa banga lakale lija. Ine sindinazindikire kuti mvula yakhala ikulifafaniza, ndipo timaudzu tayamba kulowerera m'mbali mwake.

Kenako anati, "Pamalo pa abambo ako pakutha. Tadonthezapo pang'ono, mwanawe."

Alowa m'nyumba osadikira yankho. Ine ndikadali pansi pa mpichesi, chigubu m'manja.

Achimwene, achemwali, ndithire?