Mbewu yofiira imene sidafike kuchigayo

Zikhatho za mwana wanga zidali psuu. Ndidamugwira pakamwa, ndidamukanula, lilime bwinobwino.

"Wagwira chiyani iwe?"

"Ndimathandiza agogo kutsuka chimanga."

Chimanga chake chiti, nkhokwe ili mbee? Idali mbewu ya boma ija, imene tidakalandira kuposito, kuofesi ya boma, titaima padzuwa mpaka mitu kuwawa. Mlangizi adachita kukwera pampando: iyi njobzala, yapakidwa mankhwala, ngakhale nkhuku isatole. Koma mvula idali itakana, amuna anga ali kunyanja ya Chiuta kuusodzi, m'nyumba mutatsala mango aawisi okha.

Ndidapeza apongozi anga kuseri, atayanika mbewu ija pamphasa, madzi a m'beseni ali ngati aphera mbuzi.

"Amayi, si paja adati ili ndi poizoni?"

"Inu amake mwana, ife titathawira ku Malawi nthawi ya nkhondo tidadya chimanga chachikasu chonunkha sitima, tidafa? Utotowu amapaka dala kuti amphawi tiziopa. Mukatsuka umachoka."

Apongozi sutsutsana nawo. Ndidangoyang'ana khanda langa likukwawira kumphasa kuja, ndidalinyamula msangamsanga.

"Zoonadi amayi. Ikauma ndikagayitsa ndine ku Entre Lagos, inu miyendo ija."

Adasekerera, ati tsopano ndayamba nzeru.

M'mawa ndidasenza thumba, khanda kumbuyo, wamkuluyo ndikumukoka padzanja kuti asatsale ndi agogo ake. Njira ya kuchigayo imadutsa pamunda pathu. Khasu ndidali nditabisa kale m'tchire. Dothi lidali louma gwaa, lotentha, koma ndidabzala yonse, phando ndi phando, ndikucheukacheuka ngati wakuba m'munda mwanga momwe. Mayi wina wodutsa ndi nkhuni adafuula, "Mukubzalira mvula iti, amwali?" Ndidati ya mawa.

Pasiteshoni ya sitima ku Entre Lagos ndidavula kapulana wanga watsopano, chitenje chija chovala kumaukwati, ndidasinthanitsa ndi mgaiwa kwa mayi wogulitsa ufa. Wamkuluyo ndidamugulira chitumbuwa kuti pakamwa pakhale ndi ntchito ina.

Madzulo apongozi adadya mpaka kunyambita zala.

"Mwaona? Wafa ndani? Kukoma kwake chimanga cha boma!"

"Inde amayi," ndidatero, ndikuwonjezera ana anga ntanda wina wa nsima, maso anga ali kumwamba kusaka mtambo.