Tsiku Limene Ndinachiritsa Achemwali pa Chulu

Ndiulule lero. Foni yanga yoyamba italira, ndinataya dengu la tiyi n'kuthamangira pa chulu pomwe pamagwira netiweki. Anali anesi a ku Blantyre, omwe ankalimbikitsa pafoni achemwali anga a Esinati, odwala shuga ndi maganizo, amene anabwera kudzapuma kwathu ku esiteti n'kuwapatsa anesiwo nambala yanga.

"Ndi a Esinati?"

Anzanga onse othyola tiyi ankandisirira. Ndikanatsika bwanji?

"Eee, ndine!"

"Tulo mukupeza? Maganizo bwanji?"

"Ndili bwino kwabasi, kaya inu!"

Anesi anakondwera. "Mwachira ndithu! Ndidzaimbanso mwezi wamawa."

Kunyumba achemwali, omwe anali asanagone masiku atatu, anandifunsa chapansipansi, "Anesi aja aimba?"

Ndinanamizira netiweki, ine amene ndinali nditangowachiritsa pa chulu.