Dzina la mwana wa a Lameck

A Lameck Chimwaza a ku Nechells ndi munthu woti akakuyamikira nsapato umayamba wayang'ana kaye ngati zang'ambika. Anabadwa ndi shuga pakamwa. Kwawo ku Mponela ankayamikira ngakhale kondakitala wowaponda phazi, ndipo atafika ku Birmingham lilime lija linapeza munda waukulu, nyumba yosamalira okalamba komwe amagwira ntchito.

Okalamba onse ankawakonda, kupatula Mayi Tranter, omwe kale ankaphunzitsa Chingerezi chamakedzana. A Lameck akalowa ndi tiyi ankati, "Lero ndiye mwawala ngati mtsikana, mayi."

Mayiwo ankangowayang'ana pamwamba pa mandala. "Wafika, pickthank wanga."

A Lameck anamvamo thank, mtima n'kukhala m'malo. Mzungu wophunzira chonchi wawapatsa dzina laulemu! Tsiku lina anapempha kuti awalembere, ndipo mayiwo analemba pakapepala kopukutira pakamwa, n'kuwonjezera kuti akale ankalemba pykethanke. Kalembedwe kakaleko ndiye kanawamaliza. Dzina lokhala ndi y pakati, e kumapeto, linaoneka ngati la kubanja lachifumu.

Nthawi imeneyo n'kuti akazi awo, a Rabecca, namwino pachipatala chachikulu, ali ndi pakati poyamba. A Lameck anali atatopa ndi ana otchedwa Brave ndi Angel odzaza kutchalitchi. Wawo ankafuna akhale ndi dzina loti Mmalawi wina aliyense asalipeze, choncho anasankha Pykethanke.

"Tagugulani kaye meaning yake," anatero a Rabecca, mwana atabadwa. "Ine ndimafuna Mwayiwathu."

A Lameck anati, "Foni ingapose professor? Limatanthauza munthu wokolola mathokozo. Ndi old English imeneyi, siipezeka pa Google."

A Rabecca anali ndi tulo ta masabata atatu, analibe mphamvu zokangana. Dzina linakalembetsedwa kuboma, y ndi e yemwe. Lamlungu a Lameck anaimirira kutchalitchi ku Coventry n'kulitanthauzira mpaka anthu kuwomba m'manja. Ku Mponela agogo ake a mwanayo analephera kulitchula, anangoti Piki.

Kenaka a Lameck ananyamula mwana ndi mayi ake kukamuonetsa kwa Mayi Tranter, komwe dzinalo linachokera. Suti anavala, tayi wofiira pakhosi.

"Mayi, nayu Pykethanke. Tamutcha mawu anu okoma aja."

Mayi Tranter anavula mandala, n'kuwavalanso. Anayang'ana khandalo nthawi yaitali.

"Lameck, ukudziwa tanthauzo lake?"

"Wokolola mathokozo, mayi."

"Ndi munthu wosyasyalika. Wonyambita mapazi a akuluakulu kuti amukonde. Akale anali nawo mawu ambiri a anthu otere, koma awa ndi amene ankakukwana. Ndimayesa ukumva kuti ndikukudzudzula. Ndili ndi zaka zoposa makumi asanu ndi atatu, mano ndimagoneka m'kapu, ndiye iwe m'mawa uliwonse n'kumati ndawala ngati mtsikana?"

A Lameck anachita manyazi oti akanatha kulowa pansi. Anaganiza za mpingo wonse wa ku Coventry, za mwana wawo atakula akuitanidwa dzina m'kalasi, aphunzitsi akubisa kuseka. Chisoni chinawagwira zenizeni, pakuti mwanayo ankamukonda ndipo ankayesa akumupatsa chinthu chabwino koposa chimene anachipeza ku England.

Mayi Tranter nawonso zinawakhudza. "Dzina limasinthika mwana akadali wakhanda. Koma ndiuze kaye chinthu chimodzi choona, chimodzi chokha, ndione ngati ungathe."

A Lameck anayang'ana juzi la mayiwo lomwe linali ndi dontho la phala, anayang'ana tsitsi losapesa. Zoona zinalipo zambirimbiri, zongotola. Anatsegula pakamwa, koma lilime linadutsa njira yake yakale.

"Mayi, mmene mwafotokozeramu, palibe professor angakuposeni mu Birmingham muno."

A Rabecca anamutenga mwana m'manja mwa amuna awo, n'kumufunditsa bwinobwino.

"Mawa tikukasintha, akhala Mwayiwathu," anatero. "Linalo musalitaye, bambo. Lili ndi mwini wake kale."