Tsitsi Limene Alamu Anandibwezera

Loweruka lapitali ku saluni ya pa Nchalo kunabuka mkangano. Mayi wina, mutu uli mbuu ndi mankhwala, anafunsa ngati n'koyenera kumuwonjezera kangachepe munthu amene wakuluka tsitsi, pamwamba pa mtengo umene mwagwirizana. Eee, ngati wagenda chisa cha mavu! Wina akuti mtengo ndi mtengo, kodi kugolosale timawonjezera? Wina akuti munthu waima kuyambira m'mawa, msana kuwawa, zala kutupa, ndiye iwe ungomupatsa zikomo wouma? Mwini saluni ankangoseka, chipeso chili kukamwa. Atandifunsa ine ndinati, "Muzipereka, koma muziyamba mwaona amene mukumupatsayo." Anandiseka kuti ndayankha ngati wandale. Ndinangowasiya. Ine pakamwa sipandivuta, aliyense amandidziwa, koma nkhani iyi imandikhala pakhosi.

Mutu wangawu unakulira m'manja mwa alamu anga, akazi a achimwene anga aakulu. Anabwera kwathu kwa Mlolo kuchokera ku Nyachikadza ine ndili sitandade 3. Nthawi imeneyo amayi ankangondimeta ndi sizasi, mutu kutsala mizeremizere, anzanga kusukulu kumandiseka mpaka kulira. Alamu atangoona anagwira pakamwa. "Mwana wamkazi ameneyu mukumumeta ngati mkaidi bwanji, mayi? Musiyeni, ndimusamala ine." Kuyambira tsiku limenelo sizasi sinandikhudzenso.

Loweruka lililonse masana ankagoneka mtondo pansi pa mtengo wa nimu n'kukhalapo, ine pamphasa, mapewa ali pakati pa mawondo awo. Chitenje chawo chinkanunkhira utsi wa nsomba. Poyamba ankandimanga ndi ulusi wakuda, tsitsi litakula anayamba kuluka mizere. Dzanja lawo silinali lofewa ayi, tisanamizane. Ankakoka mpaka maso kutuluka misozi, ndipo ndikapendeketsa mutu ankandigogoda ndi chipeso. "Khala bwino iwe, khosi ngati la nkhuku ya chitopa!" Akatero n'kuyamba kuimba pansipansi m'Chisena chawo, mawondo aja akundigwedeza. Kambiri ndinkagona ali mkati moluka, tsaya lili pantchafu pawo, thukuta lili chuchuchu. Mpaka lero sindinagonepo tulo tokoma ngati timeneto.

Ntchito yawo inatchuka, moti amayi a midzi ina ankabwera kudzalukitsa. Ena ankabwera ndi mbale ya mapira, ena mlamba wouma, ena ndalama ndithu, ndipo alamu ankalandira mosachita manyazi. Koma panali chinthu chimodzi chimene sankaiwala. Kwathu tsitsi sitisiya poyera. Timaopa munthu wa mtima woipa angalitole, ndipo ena amati mbalame ikamangira chisa mutu sukupola. Ndiye mlendo akamaliza kumuluka, alamu ankachotsa tsitsi lonse lotsalira m'chipeso, kulikulunga ngati kampira, n'kumuika m'manja. "Tsitsi lanu ili. Mukadziwa nokha kotaya." Ankatero kuti mawa munthu akadwala asadzawaloze chala.

Langa sankandipatsa. Ankalimanga pakona ya chitenje chawo, n'kukataya okha kumene ankadziwa. Tsiku lina ndinawafunsa kuti amakaliika kuti. Anati, "Iwe ukufuna udziwe chiyani? Mutu uwu ngwanga." Za malipiro sitinkazitchula n'komwe. Ndinkawatungira madzi, ndinkawathandiza kukumba mbatata kudimba, koma zimenezo zinali za pakhomo basi.

Ndinakula, sukulu inandiyendera, ndinapeza ntchito mu ofesi ku esiteti ya nzimbe. Kumeneko ndiye ndinaona akazi a mabwana akamaliza kukonzedwa tsitsi akusiya kenakake pamwamba, amvekere, "Iyi ndi ya sopo." Mtsikana woluka uja nkhope kuwala, kuwaperekeza mpaka pakhomo. Ndinatengera msanga, ndipo ndisabise, zinkandikomera. Ndinkamva ngati nanenso ndine munthu.

Kenako achimwene anadwala, n'kutisiya. Ana awiri amene alamu anabereka sanakhalitse, ndiye panalibe mwana woti n'kuwamangirira kwathu. Maliro atatha abale anayamba kunong'onezana. Ena ankati awasudzule azipita kwawo, ena ankati munthu wakhala nafe zaka zonsezi apite kuti. Alamu anangokhala, kumalima dimba lija, kumaphikira amayi amene miyendo inali itayamba kuvuta. Koma khutu lawo linali tcheru pa mawu alionse, kufuna kumva ngati pakhomopo akadali athu kapena asanduka mlendo wochedwa kutsanzika. Aliyense ankaziona zimenezi kupatula ine, wophunzira.

Unali mwezi wa Okutobala, dzuwa lija loti ngakhale mbuzi zimakana kutuluka pamthunzi. Ndinapita kumudzi ndi meshi yanga yolukira tsitsi, yogula ku Nchalo. Alamu anagoneka mtondo uja, ine pamphasa, ngati kale. Amayi atatu oyandikana nafe anabwera kudzacheza, akusenda nyemba. Alamu analuka kuyambira m'mawa mpaka mthunzi wa nimu unatembenukira mbali ina. Ankandigogodabe ndi chipeso, ndili mayi wamkulu wa pantchito, ndipo tinaseka mpaka nthiti kuwawa. Kanali koyamba kuwamva akuseka chimwalirire achimwene.

Ndili pansipo ndinaona kuti chitenje chawo chatha, patapata wawo ndi womanga ndi waya. Chisoni chinandigwira, zimenezo ndi zoona. Koma ndinkafunanso amayi atatu aja aone kuti mwana wa pano zikumuyendera. Nazonso ndi zoona, ngakhale zinanditengera zaka kuti ndivomere. Alamu atamaliza anachotsa tsitsi m'chipeso n'kulimanga pakona ya chitenje monga mwa masiku onse. Ine ndinadziyang'ana pakagalasi, ndinatsegula chikwama, n'kutulutsa ndalama zamapepala.

"Alamu, iyi ndi ya sopo. Kwathu ku Nchalo timatero."

Kwathu ku Nchalo! Pakamwa panga ine, Mulungu andikhululukire. Nyemba zinasiya kulira m'lichero. Mmodzi wa amayi aja anati, "Eee, koma lero mwapeza kasitomala wabwino." Mwina ankangocheza, koma mawuwo anagwera pabala.

Alamu anayang'ana ndalama zija nthawi yaitali. Anapukuta manja, anapinda bondo pang'ono, n'kulandira ndi manja awiri monga ankachitira ndi alendo. "Takhuta," anatero, kuthokoza kwa kwawo. Kenako anagwira kona ya chitenje ija n'kuyamba kumasula. Mfundo inali yolimba, anachita kuluma ndi mano. Anatulutsa tsitsi lija, kulikulunga bwinobwino, kutenga dzanja langa, n'kundiika pachikhatho.

"Tsitsi lanu ili. Mukadziwa nokha kotaya."

Ananyamula mtondo wawo n'kulowera kuseri kwa nyumba. Ine ndinatsala chiimire, ndikuseka kaseko kopusa, tsitsi lili m'manja.

Mukuganiza kuti ndinawatsatira kukapepesa? Ayi ndithu, ndinapsa mtima. Ndinalowa m'nyumba kukadandaula kwa amayi kuti anthu ena ukawathandiza amakubwezera chipongwe. Amayi anandiyang'ana kuyambira kumutu wolukidwa bwinowo mpaka kumapazi. Anati, "Ukanagula sopo weniweniyo, ndi chitenje, n'kukamuikira pamphasa pake mwakachetechete, bwenzi pano akuvina. Iwe wamulipira pabwalo ngati waganyu, anthu akuona. Munthu amene akudikira kumva ngati ali wathu." Ndinamva, koma khosi linauma. Ndinati ndikadzabweranso ndidzakonza. Lolemba m'mawa ndinakwera njinga ya kabaza, alamu ali kudimba.

Dzinja la chaka chimenecho madzi anasefukira, monga amachitira kwathu. Nyumba ya alamu inagwa, ya amayi inatsala khoma limodzi, ndipo onse anathawira kumtunda. Madzi ataphwa anthu anabwerera kukadzutsa makoma, koma alamu sanabwerere. Alongo awo anabwera ndi bwato n'kuwatenga kupita ku Nyachikadza. Amayi amanditonthoza kuti akanapitabe, munthu wopanda mwana sakhalitsa pamudzi pa eni. Ine sindikhulupirira. Munthu amene wapirira maliro atatu pakhomo sathawa chifukwa cha khoma ladothi.

Masiku ano ku saluni ndimawonjezera, ndipo sindinong'oneza bondo. Atsikana amenewa amaima tsiku lonse m'chipinda chamalata chotentha ngati uvuni, ndipo ambiri amalandira zochepa kwa eni saluni. Zikakhalapo ndimasiya zoti akwerere kabaza, zikavuta ndimagula madzi ozizira n'kuwapatsa. Pamenepo palibe cholakwika, iwo ali pantchito ndipo ine ndine kasitomala. Amaluka bwino, mwinanso kuposa alamu, ndipo sagogoda munthu ndi chipeso. Koma ndimakhala pampando wapulasitiki, msana wanga wopanda mawondo otsamira. Akamaliza amasesa tsitsi la tonse mulu umodzi n'kuthira m'katoni. Ndimayang'ana kumbali.

Ndimawasowa alamu anga. Ndimasowa fungo la utsi lija, nyimbo ija imene mawu ake sindinawagwire onse, ngakhale kukoka kuja ndimakusowa. Nthawi zina timalankhulana pafoni ya mwana wa alongo awo. Amafunsa za amayi, za ntchito, za kutentha, mwaulemu wonse, ulemu umene umandiwawa kuposa kutukwanidwa. Nkhani ija ndisanaiyambe n'komwe, mayunitsi amatha tikukamba za mitengo ya chimanga.

Tsitsi lija sindinataye. Tsiku lomwelo ndinaliponya m'chikwama chifukwa cha mkwiyo, ndipo nditafika ku Nchalo ndinaima nalo pakhomo la chimbudzi, dzanja kukana. Lili m'kabotolo ka mafuta odzola, pansi pa sutikesi. Ndi lakuda bii, pamene m'mutu mwangamu imvi zayamba kale.

Chaka chino ndapempha tchuthi cha mwezi wa Okutobala. Ndamuuza kale mtsikana wa ku saluni kuti asandidikire, ndidzamasula ndekha. Ndidzawoloka kupita ku Nyachikadza mutu uli nyankhalala, anthu a m'bwato aseke mmene angathere. Chikwama ndidzasiya kwa amayi. Ndikadzafika ndidzakhala pansi pafupi ndi mapazi a alamu, kaya pali mphasa kaya palibe, ndidzatsegula kabotolo kaja n'kuwauza chilungamo.

"Alamu, ndasunga zaka zonsezi. Ine kotaya sindikudziwa."