Bogi Ikakhala Kutsogolo kwa Injini

Azakhali anga, a Dolina Matheson, akhala moyo wawo wonse wapabanja m'kanyumba kamodzi ku Altanbuie, pafupi ndi njanji moti sitima ikamadutsa makapu amalira okha m'kabati. Kumeneko kulibe mudzi. Kuli njanji, dambo, nkhosa za eni ake ndi mphepo. Ine ndinakulirako pang'ono, kenako ndinathawira kutsidya kwa nyanja, ku Melbourne, komwe ndinaphunzira kumwa khofi ndikuyenda ndiponso kusakhalitsa pa ntchito iliyonse.

Ndinabwerako chifukwa mchimwene wanga anaimba foni kuti azakhali ayamba kuiwalaiwala, ndipo a khonsolo atumiza munthu wodzaona ngati angapitirize kukhala okha. Munthuyo akapanda kukhutira, azakhali apita kunyumba yosungirako okalamba mumzinda wa Inverness. Ndinati ndikhala masabata owerengeka, ndiwathandize kudutsa mayesowo, ndibwerere kwanga.

Sindinabwere chimanjamanja. M'sitolo ina ya zidole za sitima ndinapeza kabogi kotalika ngati buledi, kofiira ngati chiwindi, kotengera chilichonse cha bogi yeniyeni yomwe inkayenda kwathu kale: timipando ta khushoni, katebulo, timakatani, timasitepe topindika, ndi mazenera akuluakulu kumapeto. Wogulitsayo, mkulu wina wandevu, analumbira kuti ngakhale timisomali take n'tokwanira. Ndinagulanso kainjini ndi kachidutswa ka njanji. Ndinkaganiza kuti munthu wokalamba amakondwa ukamubweretsera zakale.

Ndinaziyala pazenera la kukhitchini, kainjini kumbuyo, kabogi kutsogolo, kuti mazenera ake aakulu aja aziyang'ana m'chipinda. Azakhali anaika ketulo pansi pang'onopang'ono.

"Chamagalasi ichi wachitenga kuti?"

"Ndakugulirani, azakhali. Si chokongola?"

"Waika bogi kutsogolo."

"Nanga pali kusiyana?"

"Iwe Kirsteen, unapita kunja ndi mutu, wabwerako ndi tsitsi lokha. Bogi ya magalasi ikakhala kumbuyo kwa sitima, amenewo ndi alendo, angokujambula ukuyanika kabudula wa mwamuna wako, basi. Ikakhala kutsogolo, injini ikuikankha, amenewo ndi mabwana."

Ndinaseka, n'kuisiya momwemo. Inkaoneka bwino choncho.

Amuna awo, a Farquhar, omwe anamwalira ine ndili kusekondale, anali woyendera njanji. M'mawa uliwonse ankayenda chigawo chawo chonse ndi nyundo ya mpini wautali, kukhomera timitengo tothina njanji tomwe takhwefuka, kuchotsa miyala yogumuka ndi nkhosa zogundidwa. Kanyumbako kanali ka kampani, kankabwera ndi ntchito ndipo kankapita ndi ntchito. Atangokwatirana, a Farquhar anayamba kudwala khunyu. Munthu wogwa salola kuti aziyenda m'njanji, ndiye awiriwo anabisa. Mankhwala ankakatenga kwa dokotala wakutali, ndipo tsiku loti a Farquhar agwa, azakhali ankavala chijasi chawo chakuda ndi kapusi, kupachika nyundo paphewa, n'kuyenda chigawo chonsecho okha, kaya kuli mvula kaya chipale chofewa. Madalaivala ankadziwa. Ankangoliza hutala n'kuwaponyera chibuluma cha malasha, ndipo palibe anatsegula pakamwa.

Koma Chamagalasi chinkanyamula anthu osawadziwa. Mabwana oona za njanji ankakhala m'mipando yawofuwofu pazenera lalikulu, pakati pa maso awo ndi njanji popanda chotchinga, chifukwa injini inali kumbuyo. Chinkayenda pang'onopang'ono, chinkatha kuima paliponse n'kutsitsa masitepe. Mbiri ikamveka kuti chikubwera, mabanja onse a m'mbali mwa njanji ankapaka laimu miyala ya pakhomo, kutsekera nkhuku, kuanula zovala ndi kubisa malasha aja. Ndipo mwamuna aliyense ankayenera kuima pachigawo chake, nyundo m'manja, n'kukweza dzanja chikamadutsa.

Tsiku lina utsi wake utaoneka kale kuseri kwa phiri, a Farquhar anagwa pansi m'khitchini. Azakhali anawatsamiritsa pilo, kuvala chijasi, kudzipaka mwaye wa pachitofu pachibwano kuti zioneke ngati ndevu, n'kukaima. Chamagalasi chinaima pamaso pawo penipeni. Bwana wina anatsitsa zenera.

"Zonse zili bwino, Matheson?"

Azakhali analavula pansi ngati mwamuna, n'kugwedeza mutu.

"Anthu osalongolola ngati ameneyu ndi amene timawafuna," anatero bwanayo, zenera n'kukwera.

Nkhaniyi pabanja pathu tinkaikamba pa Chaka Chatsopano, anthu n'kumagwa nazo ndi phwete. Sindinaganizepo n'kamodzi komwe kuti nthawi yonse ankaimayo, azakhali sankadziwa ngati mwamuna wawo akupumabe m'nyumbamo. Kanyumbako kanadzakhala kawokawo kampani itasiya kusunga anthu m'mbali mwa njanji, koma iwo sanakhulupirirepo. Mpaka lero mlendo akagogoda amayamba ayang'ana pachitofu ngati pali choti abise.

M'mawa mwake kabogi kaja katafika, ndinawapeza atagwada pakhomo ndi chitini cha laimu, akupaka miyala. Ndinakondwa. Ndinati akukonzekera munthu wa ku khonsolo uja, ndipo munthu wopaka miyala molongosoka chonchi ndani angati mutu wake wasokonekera? Tsiku linzake anatsekera nkhuku dzuwa likuswa mtengo. Linzakelo anaanula zovala zanga zisanaume n'kuziunjika pabedi. Kenako tikudya phala, anandifunsa ali maso pazenera:

"Farquhar wamwa mankhwala ake?"

Ndinaika supuni pansi.

"Azakhali, a Farquhar anatisiya kale."

"Ndikudziwa, usandiyese chitsiru," anatero, n'kupitiriza kudya. Koma maso awo sanachoke pa kabogi kaja, ndipo ine, mbuli, sindinaonebe chomwe ankaona.

Mayi Urquhart, a ku khonsolowo, anati afika chakum'mawa dzuwa litakwera. Tsikulo kunacha kowala, kwamphepo. Azakhali anaphika masikono, kuvala epuloni yoyera, kundiuza kuti ndipese tsitsi langa lakunjalo. Anatchula tsiku molondola, mwezi molondola. Mtima wanga unakhala m'malo ndipo ndinapita kukasamba.

Potuluka ndinapeza chitseko chili pululu, mphepo ikukupiza makatani. Pamsomali pomwe chijasi cha a Farquhar chakhala zaka zonsezi panalibe kanthu. Nyundo kuseri kwa chitseko kunalibe. Chitseko cha chitofu chinali chotsegula, ndipo pambali pake panali zidindo za zala zakuda.

Msewu wa ku Altanbuie umaoneka patali, umakhotakhota m'dambo ngati chingwe chotayidwa. Kutali uko kagalimoto koyera kankabwera. Ndipo inali nthawi ya sitima ya kum'mawa.

Ndinathamanga wopanda nsapato. Kageti ka waya kolowera kunjanji kanali kotsegula. Ndinawaona pokhota paja, kamunthu kakang'ono m'chijasi chofika m'mapazi, kapusi itatsika mpaka m'maso, nyundo paphewa. Anaima pamiyala ya njanji penipeni, pomwe mwina kale panali poyenera, koma sitima za masiku ano siziyenda ngati Chamagalasi. Njanji inali itayamba kale kulira kaliridwe kake kaja konga ka udzudzu.

"Azakhali! Tiyeni kuno!"

"Khala chete, akumva mawu a mkazi."

"Sitima ikubwera, azakhali!"

"Ndiye ndaimiranji pano? Thamanga ukamuone Farquhar, asadzilume lilime. Mutembenuzire chammbali."

Ndinawagwira mkono. Mkono umene unanyamula nyundo zaka zonse zija sugwedezeka chifukwa cha mtsikana womwa khofi. Anandikankha ndi chigongono ndipo ndinadzandira. Ndikanalimbana nawo tikanagwera pakati pa njanji tonse awiri. Kumbuyo kwanga ndinamva galimoto ikuchepetsa liwiro pamlatho wa matabwa. Kutsogolo, kuseri kwa phiri, hutala inalira koyamba.

Sindidziwa kumene mawuwo anachokera.

"Azakhali, akuzindikirani. Mwafupika masiku ano. A Farquhar ndi aatali, mabwana akudziwa. Taonani ine."

Anandiyang'ana kuyambira kumutu mpaka kumapazi, monga amayang'anira nkhosa pamsika.

"Miyendo ngati dokowe," anatero. "Ulankhula?"

"Sindilankhula."

"Iwe? Unayamba wakhalapo chete?"

"Ndikhala chete, azakhali, chonde."

Anamasula mabatani mosafulumira, limodzilimodzi, njanji ikulirabe. Anandiveka chijasi, chonunkha malasha ndi nkhungu, kundikanikiza kapusi pamutu, kundipatsa nyundo.

"Dzanja m'mwamba, maso pansi. Usayang'ane m'magalasi. Akakufunsa kanthu, lavula."

Anatembenuka, kudutsa kageti, n'kukatseka bwinobwino. Ine ndinadumphira kumbuyo mpaka waya anandibaya msana, ndipo sitima inatulukira. Inali kasitima wamba ka masiku onse. Dalaivala analiza hutala yaitali yaukali, mphepo yake inandimenya pachifuwa, koma dzanja langa linali m'mwamba. Sindinamvere malangizo, ndinayang'ana. Zenera ndi zenera, nkhope ndi nkhope, ena atakweza mafoni, onse akundiona ine osandidziwa, aliyense wokhoza kukanena. Zinangotenga kamphindi.

Pageti la nyumba panaima mayi wonenepa wa jekete yobiriwira, chikwama m'manja. Azakhali anali atafika kale pambali pake, epuloni ili mbee, manja atapinda.

"Musamudabwe, mayi," ankatero. "Ndi mwana wa mlongo wanga, wakhalitsa kunja. Kumeneko sitima sanaionepo kapena, ndiye ikamadutsa amakaiimira sawatcha. Lowani, masikono akuzizira. Iwe, vula zimenezo, ukuchititsa manyazi."

M'nyumba azakhali anali ngati a zaka makumi atatu zapitazo. Anathira tiyi osataya dontho. Anafunsa Mayi Urquhart kuti kwawo n'kuti, n'kupeza kuti ankadziwana ndi agogo awo, n'kuwauza kuti anali munthu wabwino koma woumira batala. Mafunso onse anayankha, ena mowonjezera. Mayiwo anaseka, kudya masikono awiri, kuyang'ana chitofu, bafa ndi masitepe. Anaima pazenera n'kuwerama kuti aone kabogi kaja.

"Kokongola bwanji! Muli ndi timakatani momwe."

Azakhali anangosuntha mbale ya shuga.

Ndinawaperekeza kugalimoto ndili ndi chiyembekezo. Anatsegula chitseko, kuika chikwama pampando, n'kutembenuka.

"Chijasi chija chimakukwanani ndithu, achemwali," anatero motsitsa mawu. "Koma mwaye uli pachibwano cha azakhali anu, osati panu."

Ndinasowa polavulira.

"Sindinabwere kudzalanda munthu nyumba. Koma njanji ili pakhomo, ndipo okha sangakhale pano. Zimenezo sindingazibise. Funso langa ndi limodzi: pali amene akukhala nawo?"

Ndinaganiza za Melbourne, za kachipinda kanga koyang'ana kunyanja, za anzanga omwe ankandifunsa tsiku lobwerera. Ndinayang'ana miyala yoyera ija, yopakidwa mwaluso mpaka kunsi.

"Ndilipo ine."

"Mpaka liti?"

"Ndilipo."

Analowa m'galimoto.

"Chabwino. Ndidzabweranso masamba akamayoyoka. Ndipo sindidzaimba foni."

Galimoto itapita ndinalowa m'khitchini n'kunyamula kabogi kaja, kukaika kumbuyo kwa injini. Azakhali anaona, mapewa awo n'kutsika.

"Alendo," anatero. "Katsegulire nkhuku. Ndipo uyanikenso zovala zako zija, akujambule, mwina ungapezereko mwamuna."

Masamba anayoyoka, Mayi Urquhart anabwera osaimba foni, anatipeza tikusenda mbatata, napita. Adzabweranso. Ine ndidakali ku Altanbuie, ndikugwira ntchito pakompyuta ikalola netiweki, ndipo masiku ena ndimayenda mpaka pamlatho wa matabwa n'kuima, kuyang'ana msewu. Kageti ka kunjanji ndinakamanga ndi loko, koma waya wa mpandawo ndi wakale ndipo azakhali amadziwa ponse pamene pali polowera.

Kabogi kaja ndinayesapo kukabisa m'bokosi lake pamwamba pa kabati. Azakhali anasanthula nyumba yonse akulira, mpaka kugwetsa mbale.

"Nanga tidziwa bwanji kuti akubwera? Ukufuna atipeze osakonzeka?"

Ndinakabwezera pazenera. Masiku ambiri kamakhala kumbuyo kwa injini, momwe ndinakasiyira, ndipo tsikulo limakhala labwino: phala, nkhuku, kunyozedwa pang'ono za tsitsi langa. Koma pamakhala m'mawa wina ndikalowa m'khitchini ndimapeza wina wakasuntha, mazenera ake aakulu akuyang'ana m'chipinda. Ndikawafunsa amati si iwo, ndipo ndikhulupirira kuti sakunama.

Chijasi tsopano chimakhala kuseri kwa chitseko cha kuchipinda kwanga. Anachipachika okha. Ndikadzuka sindiyamba ndi ketulo kapena foni, ndimayamba ndi pazenera. Lero kabogi kali kutsogolo. Azakhali ali panja ndi chitini cha laimu, ndipo ndikuwamva akuitana nkhuku. Sitima ya kum'mawa sinadutse. Ndavala kale nsapato.