Waya Kuseri kwa Bafa la Apongozi

A Makaiko anabadwa ndi chibwibwi, ndipo Mulungu, pofuna kuwonetsa kuti naye nthabwala amazidziwa, anawapatsanso mtima wokonda nkhani. Mawu ankawadzadza m'mutu, koma akafika pakhosi ankayamba kukankhana. Akuti tsiku limene anafunsira a Lyness, mkaziyo anatopa n'kudikira nangoti, "Ndalola," bamboyo adakali pa "ndi-ndi-ndi". Alipo amiseche amene mpaka lero amalumbira kuti munthuyo ankangofuna kufunsa njira ya ku Naisi.

Anagwira ntchito kupositi ku Zomba, yokonza makina otumizira matelegalamu, ntchito yowayenera poti makina safuna moni. Atapuma anabwerera ku Domasi kwa akazi awo, kumene anali mkamwini. Apa timvetsetsane: njerwa anawumba ndi iwo, malata anagula ndi iwo, koma dothi limene nyumbayo inakhalapo linali la akuchikazi. Kwawo ku Phalombe anachokako ndevu zisanamere, ndipo owadziwa anali atatha kupita kumanda. Atati athamangitsidwe, analibe kolowera.

Mwayi unawagwera zipani zitachuluka. Kale kupezeka ndi wailesi yotumiza mawu kunali kudziputira mavuto, koma tsopano laisensi inatheka, ndipo mphunzitsi wina wachizungu pobwerera kwawo anawasiyira katundu: wailesi yolankhulirana ndi anthu akutali, kompyuta yotopa, sola, ndi kabokosi kokhala pakati pa wailesi ndi kompyutayo. Kabokosiko ankakatcha TNC. Kamatenga zimene munthu walemba n'kuzisandutsa kaphokoso, wailesi n'kukaponya m'mwamba, ndipo kutsidya kwa nyanja kabokosi kena kamakabweza kukhala zilembo.

Mayikolofoni anayiyesa kamodzi kokha. Mkulu wina wa ku Kenya anadikira, nadikira, kenako anawalangiza mwaulemu kuti akonze wailesi yawo chifukwa ikudukiza mawu. A Makaiko anakulunga mayikolofoniyo m'sokosi n'kuyiponya pansi pa bedi.

Koma zala zilibe chibwibwi. Atangogwira mabatani a kompyuta, munthu uja anamasuka. Anakhala wolongolola, wanthabwala, wodula anzake pakamwa. Ankakangana ndi Mjeremani za mpira, ankaphunzitsa Mjapani kalimidwe ka mpunga, Mjapani! Kabokosi kaja kakayamba kulira chiri-chiri-chiri, odutsa panjira ankati nkhululu za a Makaiko zadzuka. Ndinene poyera kuti munthuyo anasangalala, ndipo amene sanakhalepo ndi mawu omukanirira pakhosi asafulumire kumuseka.

Amene sanasangalale ndi a Lyness. Akabweretsa tiyi ankalandira "eee". Akati mbuzi zalowa m'dimba, "eee". Tsiku lina anayesa kunena kuti akukwatiwa ndi wansembe Loweruka, ndipo yankho linali lomwelo.

Mavuto anabwera ndi dzuwa la Okutobala mu 1996. Wailesi yotere imafuna waya wina wolowa m'nthaka, wotchedwa waya wa pansi, woti mphamvu ya magetsi yosokera izithawirako. Nthaka ikawuma gwa, mphamvuyo imasowa kopita n'kubwerera m'nyumba. Kompyuta inayamba kulavula zilembo zamisala, anzawo akutali ankaduka nkhani ili pakati, ndipo chitsulo cha wailesi chinkawaluma zala. Mankhwala ake a Makaiko ankawadziwa: kukhoma paipi yamkuwa pamalo onyowa, kuthirapo makala ndi mchere kuti chinyontho chigwire, n'kumangirirapo waya.

Anazungulira pamudzi ponse akubaya pansi ndi kachitsulo. Ponseponse panali pouma, kupatula malo amodzi pamene nthochi inali biriwiri, dothi lake lofewa ngati phala. Malowo anali kuseri kwa bafa la apongozi awo, a Christobel.

Tsono mkamwini wolongosoka akakumana ndi apongozi panjira amapatukira kutchire n'kunjuta, maso pansi. Bafa lawo saliyang'ana n'komwe, amachita ngati kulibe. Kukapempha chilolezo akanayambira pati, ndi pakamwa pake pomwe paja? Choncho a Makaiko anachita zimene amachita amuna anzeru onse akafuna kudziwononga: sanauze munthu. Anapalasa njinga kupita ku Naisi, nagula mchere wamibulu wodzadza jumbo pagolosale ya a Abdulkarim. Lamulungu m'mawa anadwala mutu wabodza, ndipo anthu ali ku Misa anakumba, nakhoma paipi, nathira makala ndi mchere, nakwirira waya m'kangalande mpaka pawindo lawo. Masana omwewo anacheza ndi munthu wa ku Brazil popanda chilembo chimodzi chosokera.

Anawaulula ndi nkhuku. Zinapalasa kangalande kaja, ndipo madzulo ena a Christobel, ndowa kumutu, anakodwa mwendo nagwa chagada. Atadzuka anautsata wayawo. Mbali imodzi unawafikitsa kumene madzi awo osamba amathera, ndipo atafukula anapeza mkuwa, makala ndi mchere. Mbali inayo unawafikitsa pawindo la mkamwini, ndipo atasuzumira anawona bokosi lagalasi likuwala, bamboyo ali dwii kuliyang'ana, akumwetulira.

Mayiwo anali atamvapo kuti mabokosi agalasi otere amawonetsa anthu. Mfuwu umene anakuwa unatulutsa ngakhale odwala m'nyumba.

M'mawa mwake panakhala mlandu pakhonde la a Kizito, mlongo wa a Christobel, amene anali mwini mbumba. Zofukulidwa zija anaziyika palichero. Akuchikazi anadzadza bwalo. Kuchimuna kunali a Makaiko okha pakampando, chifukwa nkhoswe yawo inamwalira kalekale.

"Achimwene, ine ndatha," anayamba a Christobel. "Miyendo yangayi kutupa, n'chimenechi. Ndiye ndimvenso kuti azungu akhala akundiwonera ndikusamba? Ine? Mpaka ku Japan?"

Miyendoyo inayamba kutupa a Makaiko asanapume n'komwe pantchito, koma panalibe wofuna kuwononga nkhani yokoma chonchi. A Abdulkarim, amene ankangodutsa panjinga ndipo sanayitanidwe, anatsika nachitira umboni kuti mcherewo anagulitsa ndi iwo, ndipo kuti anadabwa, poti panalibe maliro kapena ukwati.

"Akamwini," anatero a Kizito, "mchere ndi makala, kukwirira posambira apongozi anu, anthu ali kutchalitchi. Mumatsirika ndani? Kapena mumakhwimira chani? Tatiuzani."

A Makaiko anayimirira. M'mutu mwawo yankho linali loyalana bwino, loti akanalilemba ngakhale Mjeremani uja akanavomereza. Zala zinkagogoda pantchafu, zikufuna mabatani.

"Ndi wa-wa-wa... wa pa-pa-pa..."

"Mwamva? Akuti wapaulendo!" anakuwa mayi wina kumbuyo. "Ndege ya ufiti imeneyo!"

A Makaiko anakhala pansi, thukuta lili kamukamu. Anachita mantha enieni. Anawona msewu wa ku Phalombe, iwo atasenza bulangete ndi katoni ya mawaya, akufunsa ana osawadziwa kumene kunali nyumba ya amayi awo.

"Basi, apa palibe zokambirana," anatero a Kizito. "Mwamuna wotere sitingasunge. Lyness, mwana wanga, alankhule ndani ngati si iwe? Amange katundu?"

A Lyness anali atakhala pamphasa. Anakonza chitenje, osafulumira.

"Atsibweni, za ufitizo zisiyeni. Awawa ufiti sangauthe, angayiwale pamene aimika lichero. Ndipo amayi, mtima pansi, m'bokosimo mulibe zithunzi. Ndimasesa m'chipindamo ine, ndi zilembo zokhazokha. Ku Japan sanakuwoneni."

A Christobel anapumira m'mwamba, ngakhale ena amati anawoneka okhumudwako pang'ono.

"Mlandu ulipo, koma ndi wanga," anapitiriza a Lyness. "Mukuganiza kuti kuseri kuja kumanyowa chonchija chifukwa cha amayi okha? Theka la madziwo ndi langa. Bafa lathu linagwa ndi mvula ya chaka chatha. Ndinawauza, anati eee. Chiswe chinadya mitengo, udzu ndinasonkhera moto, pamalopo ndinadzala maungu mpaka tinadya. Tsiku ndi tsiku ndimadutsa pawindo lawo ndi ndowa kukasamba kwa amayi ngati mtsikana wosakwatiwa. Akudziwa kuti ku Jeremani kwazizira, koma kumene amasamba mkazi wawo sakudziwa."

"Nanga iwowa amasamba kuti?" anafunsa a Kizito.

"Kumtsinje. Akakumbukira."

Anthu anaseka, koma a Lyness sanaseke, ndipo kusekako kunazima msanga. A Makaiko anawayang'ana, ndipo manyazi anawagwira kuposa aja otchedwa mfiti, chifukwa izi zinali zoona.

"Ndiye ukuti bwanji?" anatero a Kizito. "Azipita?"

"Muwafunse bafa lathulo linali mbali iti ya nyumba. Akaloza bwino, atsale. Akaphonya, waya wawo ndiwapindira ndekha."

Bwalo lonse linatembenukira kunyumba ya a Makaiko, imene inkawoneka bwinobwino kuchokera pakhondepo. Apa chibwibwi sichikanawathandiza kapena kuwapweteka, poti kuloza sikufuna pakamwa. Anayimiriranso. Anayang'ana nyumba imene anamanga ndi manja awo, ndipo m'mutu munabwera mtengo wa eriyo ya wailesi, sola padenga, windo. Bafa silinabwere. Anakweza mkono pang'onopang'ono, natambasula chala, n'kuyamba kuchilunjikitsa kumanzere, kumene kunali khola la mbuzi.

A Lyness anatsokomola. A Makaiko atacheuka, mayiyo anali akuyang'ana kumwamba ngati sizikuwakhudza, koma milomo atayisongola, ikuloza kumanja.

Mkono uja unakhota m'malere ngati njinga yozemba dzenje, n'kukayima kumanja.

Bwalo lonse linawona. A Christobel anatsegula pakamwa, koma atayang'ana nkhope ya mwana wawo anatsekanso. A Kizito anakanda m'mutu, nayang'ana lichero, nayang'ana a Lyness.

"Aloza bwino," anatero. "Paipiyo tengani, akamwini. Mchere usiyeni, tithira m'ndiwo."

Anthu anabalalika akudandaula kuti mlandu watha msanga. A Makaiko anatsatira akazi awo kunyumba, paipi kukhwapa, misozi ikulengeza m'maso. Atafika pakhomo anayesa kulankhula, ndipo mawu anakanirira kuposa masiku onse. A Lyness sanawayang'ane.

"Musavutike, bambo a Tisungeni," anatero. "Udzu wa bafa ukupezeka kudambo. Chikwakwa chili kuseri kwa chitseko, ngati mukudziwa kumene kuli chitseko."